Mphezi ya M'bokosi la Harawa

Brightson Harawa wa ku Mhuju anakula akupasula mawailesi a anthu, ndipo ena ankawabwezadi akulankhula. Atatopa ndi anyani omukololera chimanga, anapanga bokosi. Anakulunga waya wautali wa eriyo, nalumikiza timigolo tosunga magetsi tochoka m'ma TV akufa. Bokosilo linkamwa magetsi a sola pang'onopang'ono, kenako n'kuwalavula onse kamodzi mu waya wozungulira munda. Tcha! Lipume kaye. Tcha! Nyani akakhudza ankathawa akukuwa, koma osafa.

Anthu sanamufunse momwe limagwirira ntchito. Ankangonong'onezana kuti munthu woweta mphezi m'bokosi amaidyetsa chiyani. Mphezi yeniyeni itapha ng'ombe ya mneba, moni wa pamsika unafupika. Naye Brightson anayamba kuona kazitape mwa aliyense wobwera ndi wailesi.

Zikanathera pomwepo, koma mwana wake Lois anali atafunsiridwa ku Livingstonia, kubanja la akulu a mpingo. A Hezron, thenga wa kuchimuna, anabwera kudzakamba za malowolo, maso awo akungothawira kumunda.

"Adada Harawa, tamva kuti muli ndi chiweto chachilendo," anatero a Hezron.

Brightson anapsa mtima, komabe anawatengera kumundako. Lois ankasuzumira ali pakhomo la khitchini.

"Ndi magetsi chabe, adada. Amamenya kamodzi, n'kusiya. Taonani."

Anagwira wayawo ndi dzanja lonse. Tcha! Ululu unakwera mpaka m'nsagwada. Akanangokuwa, nkhani ikanathera m'kuseka. Koma bambo wamkulu angalire bwanji pamaso pa thenga, mwana wake wamkazi akuona? Analuma mano, napirira kachiwiri ndi kachitatu, uku akumwetulira.

A Hezron anatambasula chala n'kukhudza nawo. Analumpha ngati aponda khala la moto, chipewa chinagwera uko. Anachitola, nachisasa fumbi.

"Yewo chomene, ndadzionera ndekha. Mphezi yanuyi mlendo imaluma, mwini wake imamudziwa."

Ngakhale tiyi anakana. A kuchimuna sanabwerenso, ndipo palibe anatumiza mawu.

Tsiku lomwelo, thenga atazimirira pamsewu, Lois anapeza bambo ake atakhala pachitsa, akusisita dzanja lija.

"Adada, sizinapweteke?"

"Zinapweteka chomene, mwana wanga."

Lois anawayang'ana, misozi ikulengeza m'maso.

"Nanga bwanji simunalire?"