Zikhadabo khumi ndi zinayi kufika ku London

Cholakwa changa chinachokera m'buku la mamapu lomwe ndimanyadira nalo. Mwana wanga Prisca, nesi ku London, analemba kuti Loweruka amuchita opareshoni: "Atate, nifuna nikuoneni nikalibe kulowa." Tikiti yomwe anatumiza inati ndinyamuke Lachinayi madzulo. Ndinatsegula buku n'kupima ndi chikhadabo. Lusaka kufika ku Chipata, chikhadabo chimodzi, tsiku lathunthu pa basi. Lusaka kufika ku London, khumi ndi zinayi! Poti ndege ili ndi liwiro, ndinaikomera mtima n'kuipatsa masiku anayi. Ndiye kuti kufika Lolemba, mwana atalowa kale. Tikiti inalembadi kuti 06:30, koma ya tsiku liti?

Masamu amenewa ndinawalengeza kutchalitchi ku Kasisi, monga munthu wowerenga. Azimayi anandimangira kamba wa masiku anayi: nkhuku ziwiri, kandolo, nsawa ndi vitumbuwa.

Lachinayi masana ndinakwera vaneti ya tomato, makwacha 500, pamodzi ndi mnansi wanga Ba Zulu, amene ankakakwera basi ya ku Lundazi. Potsika ine pamphambano ya ku eyapoti anati, "Muyende bwino, a Tembo. Mukamafika, ine nabwelako kudala, kalekale."

Ndege zimenezi ndakhala ndikuziona zaka zambiri zikudutsa pamwamba pa chimanga changa, koma m'kati mwake ndinagwira kolona ndi manja awiri. Itakhazikika m'mwamba, ndinafunsa mtsikana wogawa chakudya za komwe tigone mawa lake:

"Mama, mailo tigona kuti?"

"Mailo kuseni tili mu London, atate."

"Mailo yamene iyi?"

Anaseka mpaka kugwira mpando. Ine ndinamva ngati anditula thumba la feteleza. Mayi amene ndinakhala naye moyandikana ndinamupatsa ntchafu ya nkhuku, osandipempha.

Lachisanu m'mawa tinatera, kunja kukuzizira ngati Juni wa kudambo. Mkulu woona katundu anatsegula chikwama changa, nayang'ana nkhuku, nayang'ana ine. Nkhuku zinatsala pomwepo. Mnzake wa Prisca ananditengera kuchipatala pa sitima yoyenda pansi pa nthaka, ndipo nthawi ya chakudya cha masana isanakwane ndinali pambali pa bedi.

"Atate, mwafika!" Anandikumbatira, kenaka n'kununkhiza jekete langa. "Nanga nkhuku ili kuti?"

Loweruka ndinamugwira dzanja mpaka pachitseko pomwe anandiletsa kupitirira. Masana anadzuka, mawu ake oyamba n'kufunsa ngati nsawa nazo anandilanda.

Ndinabwerera patatha milungu iwiri, nditaphunzira kuti chikhadabo chimapima pepala, osati ulendo. Ba Zulu ndinawapeza akukonza mpanda. Basi yawo inafera pa Luangwa, ndipo ku Lundazi anafika Loweruka madzulo.

"A Tembo," anatero, "mukatsegulenso buku yanu ija. London musiyeni, ni pafupi. Munipimileko Lundazi."