Chigwiriro cha Dzanja Lodyera

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anagula volovolo, mfuti ya m'manja ija amanyamula makauboyi m'mafilimu. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Greenbelt, m'nyumba yalendi yosanja, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ena amakumbukira tsiku ngati limeneli akumwetulira, koma ine ndikalikumbukira kukamwa kumachita kuwawa.

Ine ndinabadwa wamanzere. Kusukulu palibe ankadabwa nazo, aphunzitsi ankangondipatsa sizasi ya amanzere n'kupitiriza phunziro. Kunyumba unali mlandu. Bambo anakulira ku Thyolo, kumene mwana wolandira chinthu ndi dzanja lamanzere amakhala ngati watukwana wamkulu, ndipo mwambo umenewu anakwera nawo ndege osausiya pabwalo. Ndikaiwala patebulo, supuni inkandipeza pazala. Ndikaiwala kutchalitchi, polandira mbale kwa amayi ena achikulire, bambo ankanditsina kukhosi uku akumwetulira anthu. Ndinaphunzira kudya ndi kupereka moni ndi dzanja lodyera, koma china chilichonse chofuna luso, lamanzere linkatsogola lokha ndisanaganize n'komwe.

Bambo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kawiri pa tsiku, kunyamula ndi kusambitsa makolo a anthu ena. Ife ana awo tinkawaona akugona. Chimodzi chokha chinkawadzutsa, matepi a mafilimu a makauboyi. Ankati ali mwana, galimoto inkabwera kuesiteti ya tiyi n'kuonetsa mafilimuwo pansalu yoyera, ndipo kuyambira pamenepo ankalota zogwira volovolo. Mnzawo wina wa kuntchito atawatengera kumalo kumene anthu amapikisana kuwombera mbale zachitsulo, anabwerako ali ngati kamnyamata.

Loweruka lina m'mawa anaima pakhomo la chipinda changa. “Yamikani, vala nsapato. Tikasankhe mfuti yathu.”

Amayi anang'ung'udza kukhitchini kuti anthu tinabwera kuno kudzafuna moyo, osati mfuti, koma ine zingwe za nsapato ndinali nditamanga kale. Chimene ndinkafuna sichinali chitsulocho ayi. Ndinkafuna Loweruka la bambo anga, ine ndi iwo m'galimoto, popanda wina wachitatu.

Sitoloyo inali kuseri kwa Bowie, kanyumba konunkha mafuta a makina ndi utuchi. Mwini wake anali nkhalamba yachizungu yosamva bwino, yolankhula mokweza. Anayala nsalu pathebulo, natsegula mfuti kutionetsa kuti mulibe chipolopolo, kenako anafotokoza kuti mtundu umenewu suwomba pokhapokha utayamba wakoka ndi chala chachikulu kachitsulo kakumbuyo, kamene amakatcha nyundo. Anati pali zinthu ziwiri zoti tisankhe, nyundoyo ndi chigwiriro, ndipo zonse ziwiri amasankha ndi dzanja, osati maso.

Nyundo zinali zamitundu iwiri. Ina inali yoima, yopyapyala, ngati ya m'mafilimu aja, ndipo ndinaona maso a bambo akuikhumbira. Inayo inali yogona pansi, yotakata. Nkhalambayo inandigwiritsa mfuti kuti ndiyese. Chala changa sichinafikire yoimayo ngakhale nditadzikoka bwanji, koma yogonayo chinaipeza mosavuta, inalira kuti kete.

“Tiikireni imene mwanayu akufikira,” anatero bambo m'Chingerezi.

Munthu amene analota nyundo yoima kuyambira ku Thyolo anaisiya chifukwa cha chala changa. Ndinayang'ana pansi kuti asaone kuti ndikufuna kulira ndi chimwemwe.

Kenako inafika nthawi ya zigwiriro. Panali chosalala, chamtengo wofiirira, chofanana mbali zonse. Panalinso china chosemedwa, chokhala ndi kaphiri kumbali imodzi kogonekapo chala chachikulu cha kumanja. Nkhalamba ija inali itaona kale dzanja limene ndinatambasula polandira mfuti. Inati mnyamatayu ndi wamanzere, chosalalachi chikwanira nonse awiri, chosemedwachi n'cha dzanja lamanja lokha ndipo wamanzere chimamubaya pachikhatho.

Bambo anatenga chosemedwacho n'kuchitembenuza m'manja pang'onopang'ono. “Chimamubaya?” anafunsa.

Nkhalambayo inavomera.

“Tiikireni chimenechi.”

Mzunguyo anayang'ana ine, anayang'ana bambo, nakweza mapewa. Uku akumangirira chigwirirocho anati tikadzasintha maganizo tisadzavutike, chigwiriro chimagwidwa ndi kamsomali kamodzi kokha, ngakhale mwana akhoza kusintha. Bambo analipira, tinatuluka. M'galimoto anandiuza m'Chichewa, mosakalipa n'komwe, kuti supuni yalephera, tsopano mtengo undiphunzitsa. Anayatsa wailesi, nayamba kuimba mluzu.

Masabata otsatira tinkapita kowombera kuja, bwalo la kumunda lozunguliridwa ndi mitengo. Mfuti inkayenda m'bokosi lokiya, ndipo malamulo a kumeneko bambo ankawasunga kuposa a m'tchalitchi. Iwo ankalasa bwino. Mbale yachitsulo ikalira ankaseka mpaka mano onse kuonekera, kuseka kumene kunyumba sitinkakudziwa. Ikafika nthawi yanga ndinkagwira ndi dzanja lodyera monga analamulira, ndipo zipolopolo zinkangofukula dothi. Dzanjalo linkanjenjemera, diso linkakana kugwirizana nalo. Ana ena, ang'ono kwa ine, ankaliza mbale zawo. Bambo ankapuma mozama, n'kunena kuti sindikuikapo mtima. Loweruka lililonse ulendo wobwerera unkakhala wachete kuposa wapitawo, ndipo ndinkadziwa kuti posachedwa asiya kundidzutsa.

Tsiku lina, woyang'anira bwalo ataima pambali panga monga mwa nthawi zonse, bambo anacheukira mnzawo wa kuntchito uja amene ankawafunsa kanthu. Ndinasamutsira mfuti kumanzere. Kaphiri kaja kanalowa pakati pa chikhatho ngati mwala mu nsapato, koma dzanja linakhazikika, diso linapeza njira. Ndinakoka nyundo n'kuwomba. Mbale inalira. Ndinawombanso, inaliranso.

“Ameneyo ndiye mwana wanga!” anafuula bambo akutembenuka, manja ali m'mwamba.

Kufuula kumeneko ndinakudikira moyo wanga wonse, ndipo kunatha msanga ngati machesi pamphepo. Anaona dzanja. Nkhope inatsekeka. Anadikira kuti ndiike mfuti pansi monga mwa lamulo, anaichotsa zipolopolo zotsala, anaitsekera m'bokosi. Woyang'anira uja anayamba kuwauza kuti mnyamatayu ali ndi diso, koma bambo anangomuthokoza mwaulemu ngati mmene ankathokozera mabwana a kuntchito.

“Dad, ndalasa,” ndinatero tili m'galimoto, ndikuwaonetsa chikhatho chofiira.

“Walasa ndi dzanja lakuchimbudzi, pamaso pa anzanga,” anayankha. “Bola ukanaphonya.”

Loweruka lotsatira ndinadzuka ndekha, ndinavala nsapato, ndinakhala pabedi. Ndinamva chitseko chachikulu chikutsekedwa, kenako galimoto ikuliza injini pansi. Sananditengenso, ndipo nanenso sindinapemphe. Amayi anayesa kuwalankhula, anauzidwa kuti za amuna azisiye. Ine ndi bambo tinakhala nyumba imodzi mpaka ndinapita kukoleji, tikupatsana moni ndi dzanja loyenera, opanda china chokambirana.

Patapita zaka zambiri, ndili ndi ana anga, bambo anadwala sitiroko imene inapha mbali yonse ya kumanja. Anali atasamukira ku Bowie, m'nyumba yawoyawo imene anaivutikira. Munthu amene anasambitsa makolo a eni kwa zaka zonse zija tsopano ankasambitsidwa ndi amayi. Ndikawapatsa kapu ya tiyi ankailandira ndi dzanja lamanzere, maso ali kumbali. Lilime linkandiyabwa, koma ndinkangowapatsa tiyiyo.

Masana ena anandituma kuti nditsitse bokosi lija pamwamba pa kabati. Mfuti inali yopanda kanthu, yopukutidwa bwino, ili ndi nyundo yogona ija anandisankhira ine. Anaitola ndi dzanja lamoyolo, anayesa kuifumbata, anasuntha zala uku ndi uku. Nkhope inachita tsinya.

“Chikubaya ichi,” anatero ndi pakamwa popotoka.

“Inenso chinkandibaya, bambo.”

Anayang'anitsitsa chigwirirocho. Ndinadikira. Ndinali bambo wa ana awiri, ndevu zitayamba imvi, koma ndinadikira ngati kamnyamata kaja kovala nsapato pabedi. Potsiriza anandiyang'ana.

“Suja mzungu uja anati n'kamsomali kamodzi? Ukandigulire chosalala chija, undiikire.”

Choncho ankakumbukira. Zaka zonsezo mawu a nkhalamba ija anali nawo m'mutu, ankadziwa kuti nkhaniyi ikanatha ndi kupotokola kamodzi, ndipo anadikira mpaka chikhatho chobayidwacho chikhale chawo.

Ndinakagula chigwirirocho, ndinawaikira, chifukwa ndi bambo anga. Ntchito yake inatha tiyi wawo asanazizire. Anaifumbata mfutiyo, anagwedeza mutu kuti eya, tsopano yakhala bwino. Kupepesa sanapepese, ndipo anamwalira asanatero.

Anthu kumaliro ankati anali munthu wosunga mwambo, ine n'kumavomera ndi mutu. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti bambo ankandikonda mokwanira kundisankhira nyundo yofikira chala changa, koma osati mokwanira kulola dzanja limene chalacho chinamerapo. Mwana wanga wamkazi wamng'ono ndi wamanzere. Akandipatsira kanthu ndi dzanja limenelo, ndimamva supuni ya bambo ikuyabwa m'zala zanga, ndipo zimenezi ndiye zimandiwawa koposa zonse. Ndimadzigwira, n'kulandira ndi manja awiri.