Chikulunga Pakati pa Maondo

Ndikukumbukira fungo la mankhwala opaka, lolasa m'mphuno, limene linadzaza m'nyumba mwathu ku Mitundu matipate atangoyamba kumene. Achimwene anga a Lemekeza ndiwo ankamwetsa zigoli m'timu ya kwathu. Munthu wina wofuna uphungu anali ataika chikho, ndipo timu ya m'tauni inalonjeza kudzawaonera pa fainolo ku Nathenje. Kwa mwana wa mlimi wa fodya, khomo linali lomwelo basi.

Ndiye kunabwera ululu wa m'mphechepeche. Akati atsokomole, ankagwira m'munsi mwa mimba n'kupindika. Chotupa panalibe, bala panalibe. Kuchipatala anakumana ndi bambo wina wophunzitsa odwala mafizo, amene anati mnofu wang'ambika mkati. Anawauza kuti asiye kusewera mpaka mvula idzagwe, azigona chagada pamphasa n'kumapana mpira pakati pa maondo pang'onopang'ono.

Mpira wake unali chikulunga changa cha majumbo. M'mawa uliwonse ankachipana pakhonde akukukuta mano, thukuta lili kamukamu. Anzawo odutsa ankafa nako kuseka. "Kodi a Lemekeza, mwayamba kufungatira mazira?" Ena ankanong'ona kuti ndi phudzi. Ngakhale bambo athu sanakhutire: "Chipatala chanji chosabaya jekeseni? Akupusitsatu amenewo."

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mafizowo ankathandiza. Achimwene anali atasiya kutsimphina, akutha kupalasa njinga mpaka kumsika. Koma fainolo inafika mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Tsikulo akuluakulu a timu anabwera ndi mkulu wina amene ankabaya anthu jekeseni kuseri kwa golosale yake. Anawabaya achimwene, ululu n'kuti zii. Tinakwera lole ya kampeni tikuimba, fumbi lili koboo.

Achimwene anamwetsa chigoli chimodzi, bwalo lonse linasokosa. M'chigawo chachiwiri anatembenuka kuti amenye ndi mwendo wamanzere, popanda wowakhudza, n'kungogwa ngati thumba la chimanga. Mayo ine, kulira kotero ndinali ndisanakumvepo kwa munthu wamkulu! Alendo a m'tauni aja ananyamuka mpira usanathe. Pobwerera palibe anaimba. Achimwene anagona pansi m'lolemo, akubuula pa bampu iliyonse, ndipo sanadzavalenso jezi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Anyamata amaonera mafizo pafoni, ndipo saona chachilendo. Achimwene amagulitsa matimati pamsika, kukazizira amayenda chokoka mwendo. Chaka chatha mwana wanga anavulala malo omwewo, n'kuyamba kunyinyirika kuti anzake akumudikira kubwalo. Achimwene, bambo ake aakuluwo, anabwera, namuponyera mpira pamphasa, n'kukhala pakhomo kuti asatuluke.

"Fungatira mazirawo, mwana iwe," anatero. "Ine anga ndinawasiya, anaola."