Parafini wa m'botolo la chakumwa

Ndinapeza pisiweki pa kashopu kena pafupi ndi msika wa Katete, yomatula masitika pa mabonanza, makina aja anthu amaponyamo makobili. Abwana a shopuyo anawagula akale, atamatidwamatidwa zithunzi za mpira ndi za kampeni, ndiye amafuna ayere kuti apake penti. Pepala limachoka ndi lezala, koma guluu wake ayi, amatsalira wakuda, wonanda, mpaka unyowetse kansanza ndi parafini, upukute, upukutenso, zala kuwawa. Parafiniyo anandipatsira m'botolo la chakumwa.

Mwana wanga anali atangoyamba kuyenda, wondisungira ndinalibe. Botololo ndinkaliika pamwamba pa makina, poti iye chilichonse n'chapakamwa, ndipo ndikapala pang'ono ndinkacheuka, kupala pang'ono kucheuka.

Abwana anabwera kudzasuntha makina amodzi kuti kumbuyo kwake kuoneke, botolo anatsitsira pansi. Ine ndinali nditagwada kuseri kwa enawo. Ndinangomva kutsokomola. Kuthamangirako, kamalaya kanyowa, m'kamwa fungo lokhalokha.

Amai ena ogulitsa tomato pakhomopo anandilanda mwana.

"Bweretsani kuno, amake mwana. Asanze ameneyu, zituluke."

Anamupisa chala kukhosi, anasanzadi. Onse anati basi wachira, wina anabwera ndi mkaka. Koma ine ndinamva kuti kupuma kwasintha, kukulira ngati kamluzu, nthiti zikulowa m'kati. Abwana anaimitsa njinga yamoto, pondikweza anandinong'oneza.

"Kumeneko muzikati wamwera kunyumba. Za shopu musatchule."

Kuchipatala anesi anamununkhiza pakamwa.

"Wasanza?"

"Anamusanzitsa."

"Womwa parafini sitimusanzitsa, amai. Pobwerera amalowa m'mapapo."

Sanandikalipire, anangomutenga msangamsanga. Anamuika timapaipi m'mphuno, thupi linatentha, kuyamwa anakana, ine pambali pa bedi kungoyang'ana kachifuwa kakukwera, kakutsika, kuopa ngakhale kupita kuchimbudzi kuti mwina ndikapeza kaima. Bambo ake anafika kuchokera kumunda, anakhala panja.

Tinatuluka naye wamoyo. Ndinafunsa ngati chifuwacho chidzatheretu, anesi anati tizionera akamakula. Pano akathamanga pang'ono ndi anzake amakhala pansi, kukamwa yasa, ndipo ine ndimasiya chilichonse chili m'manja, ndimagwada, khutu pamsana pake.