Mayi wa m'foni wandiphonyetsa maliro a mng'ono wanga

Mng'ono wanga Asiyatu amuika m'manda ine kulibe, chifukwa cha mzimayi wokhala m'foni. Eee, mwamva bwino. Ndine Abiti Saidi wa kuno ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege. Sukulu sindinapondeko, akulemba izi ndi mpongozi wanga, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo liwu ngakhale limodzi.

Uthenga unabwera Lachiwiri m'mamawa, kuti Asiyatu watisiya kumudzi, kuseri kwa Lirangwe. Ife Asilamu sitigoneka maliro. A shehe anati tiika ikangotha swala, pemphero lathu la masana. Womusambitsa ndinali ine. Anandiuza yekha ali kuchipatala, atandigwira dzanja: "Achemwali, thupi langali asadzaligwire wina. Mudzandisambitse ndinu." Sanda, nsalu yoyera yomukulungira, inali kale m'chikwama changa.

Mwana wanga wa ku Joni akuti, "Amayi, minibasi ikuchedwetsani, ndakuitanirani galimoto pafoni." Inabweradi 9 koloko, kagalimoto koyera. Dalaivala wake bambo wa magalasi, wa m'tauni, foni wamata kutsogolo.

Tangonyamuka, ndikumva mzimayi akulankhula Chizungu chotulukira m'mphuno: "Teni lefiti! Teni lefiti!" Kucheuka kumbuyo, mulibe munthu.

"Achimwene, mwabisa ndani m'galimoto muno?"

"Ndi mapu agogo, amatiuza njira."

"Njira ya ku Lirangwe? Mchombo wanga uli konko ine! Tiyeni ku Lunzu, tikagwire tala, basi."

"Akuti pali yachidule."

"Akuti ndani? Kwawo n'kuti mayiyu? Ndi mwana wa yani?"

Anangoseka. "Agogo, ndikasiya njira ya foni, ku ofesi amaona. Amati ndikuba mafuta. Andichotsa ntchito."

Ndiye tinalowa m'njira ya ngolo, matope okhaokha, chimanga mbali iyi, chimanga mbali iyo. Mayi uja osapuma. "Teni laiti!" Kuyang'ana kumanjako, khola la mbuzi la eni. Tikhote kulowa m'khola? Kenako zii.

"Wagona?"

"Netiweki yathawa, agogo."

Tinayenda choncho ngati akhungu. Mwadzidzidzi foni ija inadzuka ndi mawu a mwamuna! Mawu okhuthala ngati a munthu wamowa: "Meki e yuu teni!" Ndinacheukanso kumbuyo. Dalaivala akuti, "Akuti tibwerere." Tinabwerera. Tisanapite patali mkazi uja watulukiranso, akuti nayenso tibwerere. Kenako onse awiri pamodzi, uyu lefiti, uyu laiti, kulandana mawu ngati banja lolimbirana ndiwo. Pali mlambe wina, pansi pake mayi akuotcha chimanga. Tinaudutsa, kuudutsanso, mpaka mayiyo anaimirira n'kugwira m'chiuno.

Ndinati, "Taimani, timufunse munthu wa magazi uyo."

"Musadandaule agogo, yatsala pang'ono."

Foni yanga inalira. Mariamu, mwana wa malemu. "Amayi aakulu, muli pati? Madzi omusambitsira azizira, tatenthetsanso. A shehe akufunsa."

Ndimuyankhe chiyani? Ine wobadwira ku Lirangwe, sindimadziwa pamene ndinali. Ndinangoti, "Ndikubwera mwanangu, musamugwire, chonde musamugwire."

Tinafika pamtsinje. Mlatho kulibe, unakokoloka chaka chija cha madzi osefukira, patsala zitsulo. Mwamuna wa m'foni akuti, "Kontinyu siteleti."

"Akuti chiyani?"

"Akuti tipitirire."

"M'madzimo? Galimoto yanu ndi bakha?"

Dalaivala n'kuyesadi kutsikira cham'mbali, podutsa ng'ombe. Matayala anangoti nyomi. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Ndiye mkazi uja, ndi timawu tonyengerera ngati akupatsa moni apongozi: "Yu havu alaivudi."

Dalaivala anavula magalasi. "Akuti tafika."

Tafika! Anthuni, tafika kuti? Pali mzikiti pamenepo? Pali siwa? Achule okhaokha!

Ndinamanga chitenje, chikwama pamutu, n'kuwoloka madzi a m'chiuno, ine ndi mawondo angawa. Kutsidya ndinayenda ndikulira, ndikufunsa khomo ndi khomo, mpaka bambo wina wa kabaza anandimvera chisoni n'kundinyamula. Dzuwa linali litapendeka.

Polowa m'mudzi ndinakumana ndi azibambo akuchokera kumanda, jeneza lonyamulira maliro lili mbee. Ife akazi kumanda sitipita. Ndiye basi, kwatha. Nkhope yake sindinaione. Anamusambitsa mayi woyandikana naye nyumba, sanda yochita kupempha.

Koma chondiliza usiku ndi usana si chimenecho chokha. Ine ndi Asiyatu tinakhala zaka osalankhulana pa nkhani ya dimba la amayi athu, mudzi wonse ukudziwa. Tinadzayanjana kuchipatala kuja, tili awiriwiri, popanda mboni. Tsono Mariamu atandiona, sanandilandire chikwama.

"Mpaka pa imfa, amayi aakulu? Dimba lomwelo?"

"Mwanangu, ndi foni inatisocheretsa."

Azakhali ake a kuchimuna n'kulowererapo: "Foni? Inu kusochera njira ya kwanu? Tauzani ana zimenezo."

Anandisiya ndekha pamphasa. Palibe anadzakhala pafupi nane.

Dzulo mpongozi wanga anaimbira ku ofesi ya magalimotowo. Kunayankha mtsikana, akutafuna chinachake. "Pepani mayi, koma makina athu akusonyeza kuti munafika."

Ndinalanda foni. "Ndinafika kuti, iwe?"

"Pamene munkapita, mayi. Ulendo unatsekedwa bwinobwino."

"Nanga matope ali pachitenje changawa ndi a ku Makka?"

"Makina sanama, mayi. Pali china tingakuthandizeni?"

Ndinapempha nambala ya dalaivala, akuti malamulo salola. Ndinapempha abwana ake, akuti ali pamsonkhano. Ndinati ndipatseni mkazi wa m'foni uja ndilankhule naye. Anadula.

Ndiye ndabwera kwa inu nonse owerenga izi. Lachisanu likubwerali kuli sadaka yopempherera Asiyatu, abale onse adzasonkhana. Inu a ofesi, ndalama zanu sindikuzifuna. Nditumizireni dalaivala wa magalasi uja ndi foni yakeyo, mkazi ndi mwamuna wake onse ali momo, adzalankhule pamaso pa a shehe. Inu mayi wootcha chimanga pamlambe, munationa, musakane. Inu bambo wa kabaza munandinyamula ndili chinyowere, dzina sindinakufunseni, koma amene akukudziwani akuuzeni. Ndagwira mwendo wanu, bwerani ku Lirangwe mufunse pa Abiti Saidi wamng'ono, kwa malemu Asiyatu, pamene panagwa zovuta. Mudzamuuze Mariamu kuti ndinkabwera.

Mayi wake wapita. Ine ndi amene ndatsala womutcha mwanangu, ndipo foni yanga sakuyankha.