Khoma la Apongozi ku Madzimoyo

Ntchito yopaka nyumba ndinaiyamba ndisanakwatire. Nthawi imeneyo penti weniweni ankagula ndi eni masitolo m'tauni ndi ansembe ku mishoni. Enafe tinkapaka njereza. Umainyika m'madzi dzulo lake, kuthiramo mchere pang'ono kuti igwire, m'mawa n'kuyamba kupaka. Ikakhala yaiwisi imaoneka yotuwa, koma dzuwa likaomba khoma limayera kuti mbee. Vuto lake ndi lakuti mvula ikagwa miyezi itatu, yakumunsi yonse imakhala itatsukika, ndipo wotsamira khoma amachokapo ndi msana woyera.

Mkazi wanga anali wa ku Madzimoyo. Tinakhala zaka zambiri ku Nabvutika m'nyumba ya zipinda ziwiri, koma Mulungu sanatipatse mwana. Atamwalira, akuchikazi anachita zonse mwamwambo. Patatha chaka anandisudzula, nandiuza kuti ndine mfulu, nditha kukwatira kulikonse. Ndinathokoza. Koma ndikupalasa njinga kubwerera kutauni ndinazindikira kuti pamudzi paja ndinalibenso chondiyendetsa. Mkamwini wopanda mkazi, wopandanso mwana, akafika pamudzi anthu amafunsana ndi maso kuti wadzatani.

Chimene chinatsala ndi nyumba ya apongozi anga aakazi. Anali amasiye, ankakhala okha m'nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanayambe, ndinkamanga thumba la njereza panjinga n'kupita kukawapakira. Ndinkakweranso padenga kukatseka mabowo a misomali ndi phula wosungunula pamoto. Palibe ankadabwa, popeza ndinali pantchito.

Apongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Iwo ankayala mphasa pafupi ndi nkhokwe, kumbuyo kwanga, ine nkhope ili kukhoma, ndipo tinkacheza choncho tsiku lonse. Ankandiuza za mbozi zimene zalowa m'thonje, za kwaya ya kutchalitchi imene yayamba kuimba mothamanga. Kenaka, osapempha, ankayamba za mwana wawo: mmene ankaopera achule ali wamng'ono, mmene anagwera mumtengo wa mango n'kubisa bala sabata yonse. Ku Nabvutika anthu anali atasiya kumutchula, mwina poopa kundikumbutsa. Ku Madzimoyo kokha ndi kumene ndinkamva munthu akumunena. Ine ndinkangoti, "Eya, amayi," burashi ikuyenda.

Zinatero zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka chotsatira alamu anga, mwana wamwamuna wa apongoziwo amene amagwira ntchito ku Lusaka, anandiimbira foni.

"Alamu, njereza ija tiisiye," anatero. "Ndatumiza zigoba zinayi za penti pabasi, ndi chimodzi cha padenga. Ndi wamakono, sasuluka. Mukangopaka kamodzi basi, mupumule. Mwavutika mokwanira."

Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo ndinawathokoza.

Penti wamtunduwo ndinali ndisanamugwirepo, choncho ndinanyamula chigoba chimodzi kupita nacho kusitolo ya zomangira ku Kapata. Mayi wogulitsa, amene ankandidziwa, anawerenga zolemba za pachigobapo n'kundifotokozera.

"Bambo, mkati umu muli timadontho ta pulasitiki tosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi. Madzi akauma, timadonthoto timagwirana n'kukhala chikopa chimodzi. Khoma likang'ambika pang'ono, chikopacho chimatamuka, sichiduka. Koma pa njereza sagwira ayi. Mupale kaye mpaka pulasitala aoneke."

Kupalako kunanditengera masiku atatu. Njereza inali itasanjikizana chaka ndi chaka, ndipo inkagwa zibanthu zibanthu, fumbi lake n'kundilowa m'mphuno ndi m'maso. Ndinkapita m'mawa, kubwerera madzulo. Apongozi anasendeza mphasa kutali chifukwa cha fumbilo, moti ankachita kukweza mawu kuti ndimve. Tsiku lachinayi ndinatsuka khoma, lachisanu n'kuyamba kupaka.

Ndisaname, penti uja anali wabwino. Analibe fungo loboola mutu, ankayenda myaa pakhoma, ndipo pofika masana anali atauma. Wotsalira m'mbali mwa ndowa ndinamusenda ngati khungu, ndipo nditakoka anatamuka ngati mphira. Wa padenga anali wokhuthala ngati phala. Umapaka pamutu pa msomali, kuyalapo kansalu, kupakanso pamwamba, ndipo akauma dzanja silingakanganule. Nditatsika, anthu a pamudzi anabwera kudzagwira khoma n'kumayang'ana zikhatho zawo, osapeza choyera. Ndinanyadira.

Okutobala wotsatira ndinapitanso, mwachizolowezi, burashi ili m'chikwama. Ndinazungulira nyumba kawiri. Kumunsi kunali matope owuma amene mvula inathovutsira. Ndinapempha madzi ndi kasanza, ndipo nditapukuta khoma linabwerera mwakale. Ntchito yonse inatha dzuwa lisanatenthe.

"Likadali lowala, akamwini," anatero apongozi.

"Likadali lowala, amayi."

Anandipatsa mpando ndi chikho cha thobwa. Ndinakhala cham'mbali, maso ali pansi, iwonso maso ali pansi. Popanda khoma loti ndiyang'ane, nkhani zinakana kubwera. Anandifunsa za ulendo, ndinawafunsa za miyendo yawo imene inkatupa, basi. Amayi awiri anadutsa ndi nkhuni pamutu, natembenuka kundiyang'ana. Nditamaliza thobwa ndinatsanzika.

Chaka chinacho sindinapite. Ndinagwira ntchito m'nyumba zatsopano za kumapiri, zazikulu, zimene eni ake ali kutali ndipo amangoona zithunzi pafoni. M'nyumba zoterozo umapaka tsiku lonse osamva mawu a munthu. Lamlungu ndinkapita ku Misa, kubwerako n'kuchapa zovala zantchito, kuzikhalira pakhomo mpaka ziume.

Mu Januwale, mvula ili pakati, mayi wina wa ku Madzimoyo amene amagulitsa tomato pamsika wa Kapata anandiimitsa.

"Apongozi anu akuti denga likudontha. Akuti mukapeza mpata mukaone."

Ndinapita m'mawa mwake, ndi kachigoba ka penti wa padenga amene anatsala. Ndinawapeza ataonda, akuyenda ndi ndodo. Anandilozera ngodya ya kuchipinda chawo. Ndinabwereka makwerero, ndinakwera, ndinayang'ana msomali uliwonse, mzere ndi mzere. Tinsalu tonse tinali tomatirira gwa, ngati ndapaka dzulo. Ndinatsika, n'kupempha kulowa m'nyumba. Pansi panali pouma, mitengo ya denga inali youma, ndipo pangodya paja panali ukonde wa kangaude wa fumbi umene madzi sanaukhudzepo.

Kunja ndinamva akukoka mphasa.

"Mwapapeza, akamwini?"

"Ndapapeza, amayi," ndinayankha. "Ndi pang'ono, koma pafunika nthawi."

Ndinakweranso padenga n'kuyamba kupaka pamwamba pa tinsalu tabwinobwino, kamodzikamodzi, mosafulumira. Iwo anakhala pansi pamthunzi, ndipo posakhalitsa anayamba. Tsiku limenelo anandiuza zimene anali asanandiuzepo: kuti nditabwera koyamba kudzafunsira mbeta, mwana wawo anabisala m'munda wa chimanga chifukwa cha manyazi, ndipo madzulo ake anawauza kuti, "Amayi, munthuyo ali ndi penti m'makutu, koma ndamufuna." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine padengapo ndinaleka kupaka, chifukwa sindinkaonanso misomali.

Mitambo inayamba kuda chakumadzulo, ndipo anandiuza kuti ndinyamuke mvula isandipeze panjira. Inandipezabe.

Mu Juni mayi wa tomato uja anandiuza kuti alamu anabwera ndi galimoto n'kutenga apongozi kupita nawo ku Lusaka, kuti akakhale pafupi ndi chipatala. Ananyamuka mwadzidzidzi, ndipo alamu anaiwala kundiimbira. Ndinapita ku Madzimoyo Loweruka lake. Pachitseko panali loko, mbuzi za eni ake zitagona pakhonde. Mayi woyandikana nawo anatuluka ndi thumba la mtedza wosasenda.

"Anasiya ili. Anati akabwera akamwini muwapatse."

"Sanasiye mawu ena?"

"Ayi, bambo. Anangoti muwapatse."

Ndinamanga thumbalo panjinga n'kubwerera ku Nabvutika. Mtedzawo ndinausenda ndekha pakhomo, pang'onopang'ono, ndikaweruka kuntchito. Unanditengera pafupifupi milungu iwiri. Pafoni ndinayankhula ndi apongozi kamodzi kokha. Makutu awo anali atayamba kufooka, ndipo ankangofunsa alamu kuti, "Ndani ameneyo?" Alamu atafuula kuti ndi akamwini, ndinamva akuti, "Oo, auzeni kuti kuno kukuzizira." Kenaka foni inabwerera kwa alamu.