Masikuluu a Ngolo ya Atsibweni

Khulupirirani kapena lekani, koma ine ndinayendapo kuchoka pa Kachulu mpaka ku Zomba ngolo ikugwetsa masikuluu kumbuyo ngati munthu akubzala chimanga. Mutapita lero kukakumba msewu umenewo, mungapeze okwana kukhomera tchalitchi chonse. Ndikudziwa mukuseka, amwene. Si inu mumati ndikanena kukula kwa mlamba womwe ndagwira muzichotsapo theka? Chabwino, chotsanipo theka. Lotsalalo likundiwawabe mpaka pano.

Ngoloyo inali ya atsibweni, achimwene awo a mayi anga. Anaipanga okha: felemu yachitsulo, matayala awiri, mbali zonse malata, pamwamba chivindikiro. M'mphepete monse, pomwe malata amakumana, anaikamo tizitsulo topyapyala tonyezimira, n'kumanga ndi masikuluu, iliyonse ili ndi nati yake yoigwira kuseri. Tizitsulo timeneto ndi tomwe tinkagwira malata kuti asatseguke, fumbi ndi mvula zisalowe. Ankaikoka ndi njinga yamoto, itadzaza matemba ouma a azimayi ageni, ndipo zaka zonsezo sindinaimvepo ikulira.

Kenako dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera, mahandulo osagwirika. Anandiitanitsa.

"Mphwanga, pakamwa pakopo sipatseka, koma njinga umaitha," anatero. "Tenga. Ukaisamala, ntchito ndi yako. Ukaiwononga, ubwerera kukaingitsa mbalame ku mpunga."

Ku sikimu ya mpunga ya Likangala ndinali nditakuwako kokwana. Tsiku lonse m'matope, mawu kutha, mbalame osakuwerengera n'komwe. Ndinalumbira kuti kumeneko sindidzapondakonso. Tsiku lomwelo ndinaitsuka ngoloyo, kuipukuta, kuikonza apa ndi apo mpaka inawala moti abakha ankadziyang'anirapo.

Ulendo woyamba, ndisanafike ndi pakati pomwe, ndinamva ngwe ngwe ngwe kumbuyo. Msewu uja mukuudziwa, nthawi yachilimwe umakhala ndi nthiti, umagwedeza mpaka mano. Nditaima ndinapeza masikuluu atatu atasolola mitu, awiri atapita. Ndinamanga otsalawo ndi mpeni. Pobwerera anali atamasukanso.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali wa sikuluu. M'mawa kumanga, panjira kumanga, pofika kumanga. Anthu a m'mbali mwa msewu anayamba kundidziwa ndi matako, chifukwa nthawi zonse ankandipeza nditawerama. Wina anandiuza kuti ndidule chubu chakale ndiike pansi pa mutu wa sikuluu. Dzuwa linachiwotcha chubucho n'kuphwanyika. Wina anati utoto. Ndinapaka, unagwira masiku awiri. Ndinaba kyutekisi wopaka zikhadabo wa mlongo wanga n'kudonthezera pa nati iliyonse, ngolo yonse inaoneka ngati ikupita ku ukwati, mlongo wanga osandilankhula sabata yathunthu. Phula ndinayesa. Waya ndinayesa. Ndinamanga mwamphamvu mpaka mitu ina inatha mizere, sikuluudilaiva ikungozungulira pamwamba. Palibe chinagwira.

Madzulo aliwonse atsibweni ankatuluka kudzaiona. Ankayendetsa chala pa tizitsulo tija, n'kupeza mabowo opanda kanthu.

"Ukuthamanga kwambiri iwe."

"Ayi atsibweni, ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Dzulo nkhalamba ina inandipitirira wapansi."

Sanaseke. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, ndiye ankangopapasa. Tsiku lina anakhala pa chitsa n'kuyang'ana dzanja lawo likunjenjemera pabondo.

"Mwina ndine," anatero. "Mwina manjawa anayamba kale kundinamiza ine osadziwa. Ndinkayesa ndinapanga chinthu cholimba."

Mapeto anabwera ndi mvula yoyamba. Ndinali nditanyamula matemba a azimayi atatu. Kachitsulo ka pamwamba kanasomphoka konse, lata n'kutseguka ngati kamwa ya ng'ona, mvula yonse ya m'boma la Zomba n'kusankha kulowera pamenepo. Chabwino, chotsanipo theka. Koma matembawo anafika ku msika ali phala, akununkha, ena nditawamwaza m'matope mtunda wonse, akhwangwala akundiperekeza.

Mayi mmodzi mwa eni katunduyo sanakalipe n'komwe. Anangoyang'ana m'ngolomo n'kunena kuti, "Achimwene, nthabwala zanu timazikonda, koma ana anga sadya nthabwala." Kuyambira tsiku limenelo onse anayamba kukweza pa minibasi. Pa Kachulu ndinkaima ndi ngolo yanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapatsidwa ngakhale dengu limodzi.

Atsibweni sanandinyoze. Zikanakhala bwino akanandinyoza. Njinga anapatsa mkamwini wawo kuti azinyamula anthu. Ngolo anaikankhira kuseri kwa nyumba, pano mumaikira abakha. Akadutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Munthu akawafunsa amati, "Ndinaipanga molakwika, inamuvutitsa mwanayu." Ine ndinabwerera ku mpunga. Mbalame zinandilandira ngati sindinachokepo.

Nkhaniyi nthawi zonse ndimaithera pamenepa, ndipo inu mumatukwana msewu, ine n'kumavomereza. Lero ndinena zotsalazo.

Mwezi wathawu ndinali pa shedi ya bambo wina wokonza njinga pa Kachulu. Ndinaona akutenga kawasha, kachitsulo konga mphete, kodukira mbali imodzi, nsonga zake zopotoka, n'kukaika kuseri kwa nati.

"Bambo, mukuikiranji chothyoka?" ndinafunsa. "Muwabera anthu."

Anandiyang'ana ngati ndagwa kuchokera mu mtengo. "Chothyoka chiti? Amapanga dala chonchi. Ukamanga, kamakankha nati, ndiye ngakhale msewu ugwedeze bwanji simasuka msanga. Iwe unayendetsa ngolo osadziwa zimenezi?"

Ndinaseka nawo, koma ndinakumbuka zomwe ndinachita. Tsiku loyamba lija, pomwe ndinkaitsuka ngoloyo, ndinamasula sikuluu iliyonse kuti ndipukute dzimbiri. Kuseri kwa nati iliyonse ndinapezako kawasha kotere. Ndinati, atsibweni akalamba, aona bwanji kuti mawasha onse anathyoka? Ndinawatola onse, kudzaza dzanja, n'kuwaponya mumtsinje wa Likangala. Ndinabwerako ndikuimba mluzu, ndikudziona ngati injiniya.

Atsibweni sindinawauzebe. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndimawaperekeza, mawu ali pakamwa, koma ndikaona dzanja lija likunjenjemera pa ndodo, ndimayamba kuwasimbira za mlamba waukulu ngati bwato. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti ngakhale nditawauza, ndani angandikhulupirire ine? Adzangoti, "Mphwanga, usadzinamizire pofuna kundisangalatsa."